Sidi M'thumba la Juzi

Mayfair, Joni
8 Febuluwale 1998

Okondedwa Mai a Jessica,

Landirani moni inu ndi ana, ndipo mukapitirize kwa apongozi anga kumtunda kuja. Kalata yanu inandipeza Lachinayi. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Malcolm chinapola, ndiponso kuti Domasi sanasefukire kudimba chaka chino. Ine kuno ndili bwino, kupatula dzino lija limene limandikumbutsa kuti lilipo ndikamwa zozizira.

Nkhani ya Harry wa ku Naisi yofunsira Jessica ndaiwerenga kawiri. Mnyamatayo ndinamuphunzitsa ali sitandade seveni. Masamu ankamuvuta, koma sankanama, ndipo mabenchi othyoka ankawakonza osauzidwa. Ngati lero ndi kalipentala, sindikudabwa. Poti abale ake anakaonekera kale kwa achimwene anu a Frank, nkhaniyi ili m'manja oyenera. Mwini mbumba ndi a Frank. Ine mbali yanga ndi kungoti ndamva ndipo ndilibe chotsutsa.

Mwandifunsa kuti amayi a kumvano muziwayankha chiyani, popeza mukati ndimagwira za makompyuta iwo amaganiza kuti ndimataipa makalata a mzungu. Muziwauza motere. Mu ofesi yaikulu mumakhala kompyuta imodzi yosunga zolemba za anthu onse, ndipo makompyuta ena amatunga kwa iyo monga mudzi utungira pa mjigo. Dzina lake ndi seva. Abwana anga, a Venter, ali ndi kakampani kosamalira maseva a anthu ena, ndipo antchito ake ndife awiri, iwo ndi ine.

Pulogalamu yoyendetsa seva, Windows NT, imabwera pa kambale konyezimira kotchedwa sidi. Mukafuna kuwonjezera pulinta, kapena kusintha kalikonse kakakulu, seva imaima n'kulemba kuti ikani sidi. Popanda sidiyo siisuntha, ngakhale muipempherere. Makasitomala athu anataya masidi awo kalekale, ndiye yotsala ndi ya a Venter, ndipo imayenda ndi ine. Sabata ino ndili ku Germiston, yamawa ku Witbank, nthawi zina mpaka ku Tzaneen, kumene kuli nyumba yolongedzera malalanje, ulendo woyamba m'mawa kufika dzuwa litapendeka. Nthawi zambiri ntchito yeniyeniyo imatha tiyi asanazizire. Chachikulu ndi ulendo.

Juzi munandilukira ija ikugwira ntchito, chifukwa zipinda za maseva amaziziziritsa kuposa pamwamba pa phiri la Zomba mu Juni. Sidi imakwana bwino m'thumba munasokera mkati lija.

Tsopano za pakhomo. Feteleza wotsalayo athiridwe kumunda wa kumtsinje, osati wa kuseri kwa tchalitchi. Tayala la njinga mugule pa Songani, osati kwa mnyamata woyendayenda uja. Mpunga musagulitse mpaka ndidzakuuzeni. Ndatumiza kangachepe kudzera kwa Abdulkarim, kondakitala wa basi, pamodzi ndi sopo ndi nsapato za Malcolm. Zikakula musabweze, mwanayo akukula.

Hamadi, mnzanga wa chipinda, akupereka moni. Akuti mukadutsa pa Songani muwauze amayi ake kuti ali moyo ndipo akunenepa.

Ine wanu,
Tobias

Mayfair, Joni
15 Malichi 1998

Okondedwa Mai a Jessica,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli athanzi nonse. Ine ndili bwino. Dzino ndinakazulitsa, nkhani yake yatha.

Ndamva kuti ankhoswe a mbali zonse agwirizana za 15 Ogasiti. Tsikulo ndi labwino: mpunga udzakhala uli m'nyumba, misewu youma, ana ali pa holide. Lolemba ndinapempha tchuthi cha mwezi umodzi. A Venter anavula magalasi, kenako anati, "Tobias, nanga sidi adzayenda nayo ndani?" Sanalankhule mwankhanza. Matenda a shuga awawononga maso, ndipo galimoto amayendetsa m'tauni mokha, masana. Ogasiti ndi nthawi ya malalanje, seva ya ku Tzaneen ikaima malole amaima nayo. Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo sindinakangane nawo.

Choncho chinkhoswe chichitike monga mwakonzera. Tiyeni tione zinthu mmene zilili. Pa chinkhoswe amalankhula ndi amalume, wopereka thadzi ndi kulandira tambala ndi nkhoswe, ophika ndinu amayi. Bambo wa mwana amangokhala pampando ngati mlendo wolemekezeka. Mpando umenewo atha kukhalapo wina aliyense, ngakhale kungousiya. Mumufotokozere Jessica bwinobwino, ndi mwana womva zinthu.

Pali kanthu kena kamene ndinawerenga chaka chatha m'magazini ya zamakompyuta, ndipo ndinakatchula kwa Hamadi tikudya. Akuti pali njira yoti seva izisunga yokha zimene zili pa sidi, osafunanso munthu wobwera nazo. Hamadi anaika supuni pansi.

"A Ticha," anatero, "mabuku akuchulukirani mpaka mufuna kudzichotsa ntchito nokha? Ine pashopu pathu kolala ya shati ndimasoka ndekha, ndipo wina akayandikira ndimaphimba ndi nsalu. Tsiku limene ndidzaonetse munthu, mudzandipeza pa Songani ndikugulitsa tomato."

Ndinati ntchito ya kunyamula kambale si ntchito yoti munthu wa zaka zanga azinyadira.

"Nyadirani kunyumba," anatero. "Kuno timanyadira pemiti."

Apo anandigwira. Chiphaso changa chogwirira ntchito chimatha mu Seputembala, ndipo chaka chilichonse amachiwonjezera chifukwa cha kalata ya a Venter yonena kuti kampani siingayende popanda ine. Musade nkhawa, mapepala anga ali bwino. Sabata yatha pa siteshoni ya Park apolisi anandiimitsa n'kuwaona, ndipo anandibwezera. Anyamata awiri a ku Mangochi amene anali kumbuyo kwanga sindinawaonenso m'basi. Zina tidzakamba pamaso.

Khadi la ubatizo la Jessica limene abusa akulifuna lili m'bokosi lachitsulo, pansi pa masetifiketi anga, mu envulopu yofiirira. Kiyi ali ndi ine kuno, pa mphete imodzi ndi wa chipinda. Ndidzamupatsira Abdulkarim akamabwera kumapeto kwa Epulo. Abusa adikire, palibe chothamangira.

Mbalame zikayamba mpunga, Malcolm asajombe kusukulu chifukwa cha zimenezo. Pezani waganyu.

Ine wanu,
Tobias

Mayfair, Joni
19 Epulo 1998

Okondedwa Mai a Jessica,

Moni wa Pasaka, ngakhale wachedwa. Ine ndili bwino, ndipo ndathokoza kumva kuti apongozi ayambanso kuyenda okha kupita kutchalitchi.

Ndamva kuti loko wa bokosi mwamuthyola ndi khasu. Loko ameneyo ndinagula kwa amwenye ku Zomba chaka chimene Jessica anabadwa, ndipo anali asanavutepo. Koma ndawerenga zifukwa zanu, ndipo zonse ndi zoona. Abusa amafuna khadi Pasaka isanafike. Bokosi lili m'chipinda chanu, khadi ndi la mwana wanu, kiyi yekha ndiye anali ku Joni. Mawu anu akuti "kiyi akuona mzinda, ife tikuona bokosi" ndinamuwerengera Hamadi, ndipo anaseka mpaka kutsamwa. Akuti mukanakhala mwamuna akanakuopani. Mugule loko wina, kiyi musunge nokha.

Za Jessica sindikumvetsa. Mukuti anauza amalume ake pamaso kuti ngati ine kulibe chinkhoswe chidikire, kaya mpaka chaka chamawa. A Frank ayenera kuti anakhumudwa, ndipo ali ndi chifukwa. Abale a Harry sangadikire mpaka kalekale, ndipo anthu a ku Naisi amalankhula. Ndamulembera kakalata kake padera, kali mu envulopu yomweyi. Ndamuuza kuti mwambo sufuna ine pamenepo. Ndikudziwa kale chimene adzayankhe, chifukwa mutu umenewo anatengera kuchikazi.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndachita, ndipo chikhale pakati pa inu ndi ine. Dzulo masana a Venter atapita kukaonera mpira wawo wa manja uja, ndinatsala mu ofesi ndi seva yathu. Ndinafunafuna magazini ija, n'kuyerekeza ndi buku lalikulu la pashelefu, ndipo zinagwirizana.

Pa sidi pali foda imodzi yotchedwa I386, mmene muli mafayilo onse amene seva imaitanitsa. Mkati mwa seva muli malo osungira zinthu, ndipo ambiri amangokhala opanda kanthu. Ndinakopera foda yonseyo kulowa m'malo amenewo, mbali imene makinawo amaitcha D. Koma kukopera kokha sikukwanira, chifukwa seva ili ndi kaundula wake mmene inalembamo kumene inatenga mafayilo tsiku limene inakhazikitsidwa, ndipo imayang'ana komweko nthawi zonse. Pamzere wotchedwa SourcePath panalembedwa E, kutanthauza kakabati kolowetsamo sidi. Ndinafufuta E n'kulembapo D. Basi.

Kenako ndinatulutsa sidi, n'kuibweza m'thumba la juzi, ndipo ndinauza seva kuti iwonjezere pulinta. Inayang'ana m'nkhokwe yakeyake, n'kutenga zimene imafuna, n'kumaliza. Sinandifunse kanthu. Ndinayesanso ndi pulinta ya mtundu wina, chimodzimodzi.

Zaka ziwiri ndakhala ndikukwera matakisi chifukwa cha chilembo chimodzi. Sindikunena kuti ndinakondwa kapena ndinadandaula, ndikungonena zimene zinachitika. A Venter sindinawauze, Hamadi sindinamuuze. Ndikufuna kaye ndione bwino mbali zonse, chifukwa Seputembala akubwera pambuyo pa Ogasiti.

Chimanga chikauma musachedwe kukolola cha kumtsinje, anyani a m'phiri ayamba kale nthawi ngati ino.

Ine wanu,
Tobias

Mayfair, Joni
24 Meyi 1998

Okondedwa Mai a Jessica,

Pepani kuti ndakhala chete. Ndili moyo ndipo sindikudwala. Ndikhulupirira inunso muli bwino.

Yankho la Jessica linafika. Analemba mizere itatu yokha, ndipo womaliza unali wakuti mpando wanga wakonzedwa kale, Harry waupala yekha. Tsiku lotsatira ndinawaonetsa a Venter zimene ndinachita pa seva yathu. Anayandikitsa nkhope pagalasi, n'kuwerenga pang'onopang'ono, kenako anati, "Wadziwa liti zimenezi?" Ndinati chaka chatha. Sanafunse chifukwa chimene ndinakhalira chete, ndipo ndikuganiza kuti anachidziwa. Anandilola kuyamba ndi Tzaneen, poti ndiko kutali.

Ku Tzaneen kuli mayi wina wosunga mabuku a kampani, dzina lake Perpetua. Kwawo ndi ku Tete, ndipo Chichewa amamva bwino, timalankhulana ngati anthu a mudzi umodzi. Ndi iye amene amakhala ndi kiyi wa chipinda cha seva. Ndinakopera foda, ndinasintha mzere uja, ndinamuonetsa. Anawonjezera pulinta yekha ine nditapinda manja. Anati, "Achimwene, ndiye muzibweranso kudzatani kuno?" Ndinati kudzadya malalanje.

Patatha masiku ochepa eni ake anafuna kulumikiza seva ku lamya, kuti mapepala a malalanje azitumizidwa ku doko mwachangu. Perpetua anaimbira a Venter, iwo anamuuza zodina, seva inatenga mafayilo m'foda yanga osafunsa sidi. Ataizimitsa n'kuiyatsanso, makompyuta onse a mu ofesi anasiya kuiona. Malole anali atayamba kale kundanda pachipata, ndipo popanda mapepala sakanachoka.

Ndinakwera takisi yoyamba m'mawa mwake. Mwini malo anandilandira pachipata ndi mawu amene sindilemba m'kalata yopita kwa mkazi wanga, ndipo ena anali okhudza dziko limene ndinachokera. Pofika madzulo seva inali ikuyenda ndipo malole ananyamuka, koma tsiku limodzi linali litatayika, ndipo malalanje sadikira.

A Venter sanakalipe. Anangoti zonse zibwerere mmene zinalili, ndipo za Ogasiti ndiiwale. Ndinabwezera E pamalo pake.

Hamadi sananene kuti ndinakuuzani. Anaphika mpunga wa nyama, anandipakulira wambiri, n'kumaimba kanyimbo ka Chiyao kamene sindinafune kufunsa tanthauzo lake. Pomaliza anati, "Che Tobiasi, idyani. Tomato wa pa Songani tidzagulitsa tonse, inu muziwerengera chenji."

Musamuuze kanthu Jessica pakali pano. Chinthu chikalakwika chimakhala ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho ndikuganiza kuti ndachiona. Ndikufuna kutsimikiza ndisanalankhule.

Ine wanu,
Tobias

Mayfair, Joni
21 Juni 1998

Okondedwa Mai a Jessica,

Moni kwa nonse. Kuno kwazizira mpaka madzi a pampopi akuluma zala, koma ine ndili bwino. Hamadi wagula kahita kotenthetsera chipinda, ndipo tikukangana kuti kaloze bedi la yani.

Mukuti mpunga mwagulitsa theka kwa a Khalid, amalonda aja, osadikira mawu anga, chifukwa anabwera ndi galimoto mpaka pakhomo ndipo mtengo unali wabwino. Ndafunsa Abdulkarim mitengo ya ku Limbe ya sabata imeneyo. Munachita bwino. Kalata yanga ikanakupezani mtengo utatsika kale.

Chifukwa cha vuto la ku Tzaneen ndi ichi. Opanga pulogalamu ija akapeza zolakwika amatulutsa zokonzera, tingoti zigamba, ndipo zimabwera pa sidi yachiwiri. Maseva athu onse anamatidwa kale chigamba chachitatu. Koma mafayilo a m'foda I386 ndi akale, a chigamba chisanabwere. Mukawonjezera chinthu chachikulu, seva imatenga akalewo n'kuwasakaniza ndi atsopano, ndipo sagwirizana. Mankhwala ake ndi kumatanso chigambacho musanazimitse. Ine ndakhala ndikuchita zimenezo nthawi zonse. Sidi yachiwiri imakhala kuseri kwa yoyamba m'kachikwama komweko, ndipo manja anga ankangoitenga okha. Chinthu chimene munthu umachita osaganiza, suganizanso zouza mnzako. Perpetua sanalakwitse kanthu. Ndinamusiyira theka la ntchito n'kumuuza kuti ndi yonse.

Ndinawafotokozera a Venter, ndipo ndinawaonetsa pamene zinalembedwa m'mapepala obwera ndi chigambacho. Anakana. Ndinadikira sabata, n'kupempha kuti tiyesere pa seva yathu yokha, imene ikafa palibe lole loima. Ndinaika mafoda awiri, ya I386 ndi ya chigamba. Ndinachita dala zimene Perpetua anachita, seva inasokonekera chimodzimodzi. Ndinamata chigamba kuchokera m'foda yachiwiri, inachira. Kenako ndinawapempha kuti achite okha ine ndili panja pa chitseko. Anatuluka akupukuta magalasi, n'kunena kuti, "Ukapita ku Tzaneen, mwini malo asakuone."

Perpetua ndiye anandithandiza. Anasankha Loweruka masana, malole atapita. Ndinaika mafoda awiri aja pa seva yawo, ndinamulembera masitepe ake papepala lalikulu, n'kulimata pachitseko cha kabati ya seva, ndipo mzere womaliza ndinaulemba ndi inki yofiira: musanazimitse, matani chigamba. Anawerenga, n'kunditulutsa m'chipindamo. Anati, "Khalani pansi pa mtengo apo, mukalowa ndikuthirani madzi." Anachotsa zolumikizira lamya zija, n'kuziikanso, a Venter ali pa foni. Ndinadya malalanje atatu. Atatsegula chitseko makompyuta onse anali akuona seva.

Germiston ndi Witbank ndamaliza sabata ino, kwatsala malo awiri a m'tauni. Za Ogasiti a Venter sananene kanthu, nanenso sindinafunse. Za Seputembala chimodzimodzi.

Mwandifunsa ngati denga la khitchini likonzedwe chinkhoswe chisanafike. Inu ndi amene mukuliona. Ngati likudontha, likonzedwe.

Ine wanu,
Tobias

Mayfair, Joni
26 Julaye 1998

Okondedwa Mai a Jessica,

Moni mwachidule, chifukwa Abdulkarim akunyamuka ndipo kalatayi ikhala m'thumba mwake. Ndili bwino.

Ndikubwera. Basi ya Lachisanu pa 7 Ogasiti, kudzera ku Harare ndi Tete. Ku Mwanza akapanda kutichedwetsa ndidzagona ku Blantyre Loweruka, ndipo Lamulungu masana mudzandiona ndikutsika minibasi pa Songani. Malcolm abwere ndi njinga chifukwa cha katundu.

A Venter anandiitana Lachitatu. Anati mwezi wonse wa Julaye ndayenda ulendo umodzi wokha, ndipo unali wa waya wodyedwa ndi makoswe. Anati ndipite, ndibwere pa 7 Seputembala. Ndinatulutsa kachikwama ka masidi m'juzi n'kukaika patebulo pawo. Anakatsekera m'kabati. Ndinafunsa za kalata ya pemiti. Anati, "Tidzakamba ukabwera." Mawu amenewo ndawatembenuza mbali zonse, ndipo sakunena zambiri kuposa zimene akunenazo.

Hamadi wandisokera shati yoyera ya pa chinkhoswe. Kolala anasoka nditatembenukira kukhoma, akuti sakhulupiriranso munthu wa mabuku.

Ndagula nsalu zanu ziwiri, mapoto a Jessica, ndi pulena yabwino yopalira matabwa ya Harry, koma musamuuze. Mwina suti yanga ya m'bokosi yadyedwa ndi njenjete, muione, poti tsopano bokosi limatseguka. Muwauze a Frank kuti tsiku lisasinthe, ndiponso kuti sindikubwera kudzawalanda mawu. Ndikubwera kudzakhala pampando.

Ine wanu,
Tobias

Mayfair, Joni
20 Seputembala 1998

Okondedwa Mai a Jessica,

Ndinafika bwino, ngakhale pa mlatho wa ku Tete tinaima nthawi yaitali padzuwa. Ndikhulupirira miyendo yanu yapumula tsopano, ndiponso kuti mbale za eni ake zonse zinabwerera kwawo. Moni kwa Malcolm, kwa apongozi, ndi kwa a Frank. Mpunga munandipatsa uja Hamadi wautsekera m'sutikesi yake, akuti ine sindidziwa kuusamala.

Ndakhala ndikuganiza za tsiku lija. Ndinali nditanena zoona kuti panalibe ntchito yanga. A Frank analankhula bwino, mwina motalikitsa pang'ono. Thadzi linaperekedwa, tambala analandiridwa, ine osakhudza nthenga ngakhale imodzi. Pamene anatulutsa atsikana ofunditsidwa nsalu kuti abale a Harry asankhe wawo, ine ndinamudziwa Jessica asanafike pakati, chifukwa amaponda ndi chidendene ngati inu. Azakhali ake a Harry atavundukula molakwika mwana wa a Agatha n'kuyamba kuvina, ndinaluma lilime. Palibe amene anandifunsa, ndipo sindinayenera kunena. Jessica atamuvundukula sanayambe ndi kuyang'ana Harry, maso ake anapita kaye kumpando wanga. Munaona inunso, sindiwonjezera. Mpando uja ndi wabwino, koma mwendo wina wakumbuyo ndi wamfupi pang'ono. Mumuuze mkamwini mwaulemu.

Tsopano za kuno, poti ndikudziwa kuti ndi zimene mukudikira. Mwezi wonse a Venter analandira mafoni anayi, ndipo onse anatha pa foni pomwepo. Kachikwama ka masidi sikanatuluke m'kabati. Perpetua anawonjezera mapulinta awiri osaimbira munthu, ndipo ndamva kuti mwini malo akuuza anzake kuti nzeruyo inali yake.

Lolemba tinakhala pansi. A Venter anati sangalembenso kuti kampani siingayende popanda ine, chifukwa yayenda, ndipo iwo salemba bodza ku boma. Ndinati nanenso sindikanawapempha. Kenako anatulutsa mayina a maofesi atatu atsopano, ina ku Pietersburg, amene kale ankawakana chifukwa panalibe wowayendera. Akufuna ndikawakhazikitsire maseva mwa njira yomweyi, ndi kuphunzitsa munthu mmodzi pamalo aliwonse. Zimenezo ndi zimene analemba m'kalata. Aboma andipatsa miyezi isanu ndi umodzi, osati chaka monga kale. Za kupitirira Malichi sindikudziwa, ndipo sindinamizira kudziwa. Malipiro sanasinthe. Ndikugona pabedi langa masiku ambiri, ndipo msana wasiya kuwawa.

Hamadi akuti ndagulitsa chaka n'kugula theka. Ndinati ndinagulanso mwezi umodzi ku Domasi. Anati, "Mwezi wokhala pampando wopendekeka?" Ndinati womwewo. Dzulo ndinamupeza akuonetsa mnzake wa pashopu kadulidwe ka kolala. Atandiona anati akungomuonetsa molakwika.

Ndamva za kugwa kwa kwacha, ndipo ndikudziwa kuti feteleza akwera. Mwafunsa ngati chaka chino tibzale mpunga wa faya dimba lonse, kapena tisiye mbali ina ya chimanga chodya chachiwisi. Ndinayamba kulemba yankho, ndi zifukwa zake, mpaka theka la tsamba, kenako ndinaling'amba. Dothi mukuliponda ndinu, mbewu ili m'nyumba mwanu, ndipo mitambo ya pa Malosa ine sindikuiona. Kalata iyi idzakupezani anzanu atayamba kale kusosa.

Kiyi wa loko wakale uja ndamupeza m'thumba la mkati la juzi, mmene munkakhala sidi. Palibe chimene amatsegula, koma ndamusiya momwemo, thumbalo lisakhale lopanda kanthu.

Mukaganiza za dimbalo mundilembere, kuti nanenso ndidziwe chimene tabzala.

Ine wanu,
Tobias